Kachitsulo ka thaulo kakazuka pakhoma

Anzanga amene mumakhala m'nyumba za lendi mukudziwa kuti kuononga chinthu cha eni ndi mlandu. Ine ndimakhala ndi azakhali kufupi ndi Boma. Mwezi wa Okutobala ndinachapa jinzi n'kuiyanika pa kachitsulo kopachikapo thaulo m'bafa, poopa fumbi la panja. Ndisanatuluke n'komwe ndinangomva phuu! Kachitsulo kali lende mbali imodzi, pakhoma pali dzenje loti nkhonya n'kulowa. Azakhali sanakalipe. Anangoti, "Eni nyumba abwera pakutha pa mwezi. Akaitana mmisiri, ndalama yake ichoka pa ya mayeso ako."

Poyamba ndinachita zimene ambirife timachita: kutsendera timitengo ta machesi ndi mapepala m'dzenjemo n'kubwezera sikuluu. Sizinagone. Kenako ndinagula simenti ya pa sikelo ku hardware, ndinaikanda yokhayokha ndi madzi n'kumata. Mawa lake inali itang'aluka, ndipo inachoka yonse ndi chala.

Anandithandiza ndi amalume amene anagwirapo ntchito yomanga ku Joni. Iwo akuti kumeneko makoma ena a m'kati mwa nyumba ndi mabolodi a gypsum, kuseri kwake kuli mphako, ndiye pofuna kupachika chinthu cholemera amayamba afufuza thabwa kapena chitsulo chimene chagwira bolodiyo. Makoma athu ndi ena, koma nzeru yake ndi yomweyo. Pulasitala ndi chikopa chabe, nthawi zambiri sadutsa masentimita awiri. Kuseri kuli njerwa zowotcha, ndipo m'nyumba zambiri kuno njerwazo anazimanga ndi dothi. Sikuluu yanga inali italowa mumzere wa dothiwo. Igwira chiyani pamenepo?

Tinagogoda mozungulira dzenje ndi chigwiriro cha hamala. Paliponse pamene pankalira ngati ng'oma tinagumulapo, chifukwa pulasitala wapamenepo anali atasiyana kale ndi njerwa. Mtima unandiwawa kuona dzenje likukula, koma amalume anati chomata pa chinthu chogwedera chimagwa nacho limodzi. Kenako ndi msomali wa mainchesi 6 tinakumba mpaka m'njerwa, m'kati motakasuka kuposa pakamwa, kuti simenti ikauma isatulukemo. Tinasema kachipika ka mtengo wouma, wolimba, kotalika ngati chala, kokulirapo kumbuyo. Mtengo wauwisi ayi, umafota n'kuyamba kugwedera.

Tsopano apa ndi pamene ndinalakwitsa poyamba paja. Simenti yokhayokha imakhwinyata pouma, n'chifukwa chake inang'aluka. Imafunika mchenga: muyezo umodzi wa simenti, inayi ya mchenga. Ife tinayezera chitini cha tomato. Mchenga ukhale wosefa, wopanda dothi kapena zinyalala. Mukaufinya m'manja wonyowa n'kukudetsani ndiye kuti muli dothi. China, njerwa youma imamwa madzi onse a m'matope anu. Choncho sesani fumbi m'dzenjemo, thiranimo madzi, dikirani alowerere, kenako ponyanimo matope ndi mpeni womangira. Kanikizani kachipika kaja pakati, kalingane ndi khoma, ndipo muyeze ndi kachitsulo komweko kuti kakhale pamene sikuluu idzalowe. Salazani ndi kathabwa.

Zotsatirazi n'za mu Chemistry ndithu. Simenti silimba chifukwa choti madzi auma. Imalimba chifukwa ikugwirizana ndi madziwo, ndiye akathawa msanga ntchito imaima panjira. Ndi kutentha kwa kuno ku Mangochi, kumene ngakhale mphepo yochokera ku Shire imabwera yofunda, chigamba chimauma tsiku lomwelo. Ndinkachiwaza madzi m'mawa ndisanabwere kusukulu ndi madzulo, kwa masiku 7. Mphamvu zake zenizeni zimakwana pakatha masiku pafupifupi 28, koma sabata imodzi inatikwanira kuti tipachike thaulo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu tinaboola kachipika ndi kamsomali kakang'ono kuti kasang'ambike, n'kumanga sikuluu ndi dzanja, osati kukhoma ndi hamala. Tinapaka laimu pamwamba.

Eni nyumba atabwera analowa m'bafa, anagwedeza kachitsuloko kawiri, n'kufunsa azakhali chifukwa chake mbali imodzi yayera kuposa inzake. Jinzi ndimayanika pachingwe panja tsopano, fumbi ndimachita kukutumula.