Bandi kapena DJ: gule wa swing amakoma ndi chiyani?

Kodi guleyu adayambira pa bandi kapena pa galamafoni?

Pa bandi. Lindy hop, mtundu wa gule wa swing, adakulira ku Savoy Ballroom, holo ya ku Harlem mumzinda wa New York yomwe idatsegulidwa mu 1926. Mudali nsanja ziwiri za oimba. Gulu lina likamapumula, linzake linkalowa pomwepo, nyimbo osaduka.

Nanga bandi ili ndi chiyani chimene chimbale chilibe?

Maso. Woimba ng'oma amaona mapazi a ovina, ndipo wina akadumpha iye amamuyankha ndi ndodo zake. Chick Webb, woimba ng'oma komanso mwini bandi ya pa Savoy, ankadziwika ndi zimenezi. Wovina Frankie Manning pomwe adagudubuza mnzake Frieda Washington pamsana pake koyamba pamaso pa anthu, bandi ya Webb ndiyo inkaimba. Chimbale chilibe nazo ntchito: holo idzaze, kaya mutsale anthu awiri, chimalira chimodzimodzi.

Ndiye kuti DJ ndi wa anthu operewera m'thumba?

Ndalama ndi nkhani ndithu. Bandi yaikulu imakhala ndi anthu 15 kapena kuposa, aliyense wofuna malipiro, thiransipoti ndi chakudya. Koma DJ ali ndi chake chuma: amadzutsa akumanda. Mwa oimba a jazz, Count Basie adamwalira mu 1984, Ella Fitzgerald mu 1996, koma usiku umodzi mutha kuvinira onse awiri.

Bwanji ovina ena amadandaula bandi ikabwera?

Kutalika kwa nyimbo. Zimbale zakale za 78 rpm zinkatenga mphindi pafupifupi zitatu mbali imodzi, ndipo ovina a lero adazolowera kusintha wovina naye nyimbo ikatha. Tsono mubwere bandi ya jazz yozolowera anthu okhala pamipando. Wa lipenga aonetse luso lake, wa piyano naye, wa ng'oma osafuna kutsalira, mpaka mphindi khumi. Wovina thukuta lili kamukamu, mawondo akunjenjemera, kwinaku amene adamulonjeza nyimbo yotsatira wangotsamira khoma. Kunena zoona, si katswiri aliyense wa jazz amadziwa kuvinitsa anthu.

Zimbale zakalezo zimamveka bwino muholo?

Zina ayi. Zimachita phokoso ngati mvula padenga la malata, besi kumveka patali.

Ndikungoyamba kumene. Ndipite kuti?

Yambani kwa DJ, komwe nyimbo ndi zazifupi ndipo mutha kupempha yodekha. Mapazi akazolowera, pitani kwa bandi, mukavinire pafupi ndi ng'oma. Nyimbo ikatha muwombe m'manja musadayambe kufunafuna wina wovina naye.