Ulendo Woyamba wa Pandege: Nkhawa Tiisiye Kunyumba

Chaka chilichonse ena mwa ife amakwera ndege koyamba: wophunzira amene wapeza mwayi wa sukulu kunja atamaliza Fomu 4, kholo lopita ku Hajj kapena Umrah, kapenanso m'bale wopita ku Johannesburg. Ambiri timaopa nthawi imene ndege ili m'mwamba, koma zimene zimasokoneza ulendo nthawi zambiri zimachitika pansi, pabwalo la ndege. Chikalata chimodzi chikasowa, kapena tikawerenga nthawi molakwika, tikiti imene banja lasonkherana kwa miyezi imatha kupita pachabe. Nkhawa yambiri imabwera chifukwa chosadziwa chotsatira. Tiyeni tiphunzire ndondomeko yake tidakali kunyumba.

1. Kukonzekera

Poyamba tione pasipoti. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo, pakuti Yusuf ndi Yussuf kwa kompyuta ndi anthu awiri. Opita ku Hajj amafunika chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi. Mwana wosakwana zaka 18 wolowa yekha mu South Africa amafunika kalata ya chilolezo cha makolo ndi chiphaso chake chobadwira. Zikalata zonse tiziike mu envulopu imodzi ya m'chikwama cha m'manja, ndipo tizijambulenso pafoni.

Katundu timuyezeretu, ngakhale pa sikelo ya chimanga. Makampani ambiri amalola makilogalamu 23 pa sutikesi ndi 7 pa chikwama cha m'manja, koma tiwerenge zimene zalembedwa pa tikiti yathu. Mankhwala a shuga kapena a BP akhale m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala. Power bank nayo iyende m'manja, saloledwa m'sutikesi.

2. Makomo anayi

Kaya tikunyamukira ku Chileka ku Blantyre kapena ku Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, tifike patatsala maola atatu. Operekeza titsanzikane nawo msanga, chifukwa kauntala imatseka ndege isananyamuke ndipo sidikira munthu. Kenako pali makomo anayi.

Loyamba ndi kauntala ya kampani ya ndege. Apa timapereka sutikesi, n'kulandira boarding pass ndi kapepala ka nambala ya katundu. Kapepalako tisakataye, ndipo tifunse kuti, "Kodi katunduyu ndikamtengera kuti?"

Lachiwiri ndi la olowa ndi kutuluka m'dziko, kumene amadinda pasipoti. Mafunso awo ndi ochepa: mukupita kuti, kukatani, kwa nthawi yaitali bwanji. Tiyankhe zoona, mwachidule.

Lachitatu ndi la chitetezo. Foni, lamba, makiyi ndi ndalama zachitsulo timaika m'thireyi. Zamadzimadzi, monga mafuta odzola ndi onunkhiritsa, zikhale m'mabotolo osaposa mamililita 100. Mpeni, lumo ndi sizasi zipite m'sutikesi. Mayi kapena mtsikana wovala hijab angathe kupempha mwaulemu kuti amusechere wamkazi mnzake pamalo oduka mphepo.

Lachinayi ndi geti yokwerera. Nthawi yofunika pa boarding pass ndi yokwera, osati yonyamuka. Nambala ya geti imatha kusintha, choncho tiziyang'ana pa sikirini nambala ya ndege yathu. Pamabwalo ena khomo lachiwiri ndi lachitatu amasinthana, koma ntchito yake ndi yomweyo.

3. Posintha ndege

Maulendo ambiri ochoka ku Malawi amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mabwalo amenewa ndi aakulu kwambiri kuposa athu, ndipo apa mpamene mtima umagunda. Tikumbukire ziwiri. Choyamba, nthawi ya pa tikiti ndi ya kumalo kumene kwatchulidwako. Ikakhala 19:00 ku Lilongwe, ku Addis Ababa, Nairobi ndi Jeddah imakhala 20:00, pamene ku Johannesburg timafanana. Wosasintha wotchi yake adzaganiza kuti ali ndi ola lina pamene anzake akukwera. Chachiwiri, tikatsika titsate zikwangwani zolembedwa Transfer kapena Connecting Flights, tipeze kaye geti yathu. Tiyi ndi masitolo zibwere pambuyo.

4. Phukusi la mwini

Kwathu kuno kukana kunyamulira mnzako kanthu kumaoneka ngati mwano. Pandege lamulo ndi lina: chilichonse chopezeka m'chikwama chako ndi chako. Anthu ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amafunafuna apaulendo ooneka osalakwa, monga ophunzira ndi okalamba, ndipo ku Saudi Arabia mlandu umenewu chilango chake chimafika pa imfa. Phukusi la wachibale tilitsegule limodzi kunyumba, tione zonse zili m'kati. La munthu amene takumana naye pabwalo tilikane, ngakhale atalira. Chikwama chathu tisachisiye chokha ngakhale popita kuchimbudzi.

5. Swala ndi chakudya

Ena amada nkhawa kuti swala iwadutsa ali pamzere. Chisilamu chinam'peputsira wapaulendo: swala za rakaa 4 amaswali rakaa 2, ndipo angathe kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha. Tikambirane ndi a shehe tisananyamuke kuti tidziwe bwino malamulo ake. Mabwalo akuluakulu ambiri ali ndi chipinda chopemphereramo, tingofunsa. Chakudya cha halal tichipemphe pogula tikiti, kapena patatsala masiku awiri. Opita ku Makkah kudzera ku Jeddah afunse mtsogoleri wa gulu lawo za malo ovalira ihram, chifukwa malire ake amawadutsa ali m'mwamba.

6. Zikavuta

Ndege imachedwa, sutikesi imatsalira. Zikatero tisathamange uku ndi uku. Tiime, tipume mozama kangapo, tipite kwa wogwira ntchito wovala yunifolomu ndi baji. Sutikesi ikasowa, tilembetse pa ofesi ya katundu tisanatuluke pabwalo, tikuonetsa kapepala kaja. Kufunsa si uchitsiru. Amene amasochera ndi wochita manyazi.

Tikupempha komiti ya mzikiti kuti aliyense woyenda koyamba azikhala naye pansi munthu amene anayendapo, aone limodzi zikalata ndi katundu patatsala sabata. Tikachita mbali yathu, zotsalazo timazisiya m'manja mwa Allah ndi mtima wodekha.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Tchulani makomo anayi a pabwalo la ndege ndi chimene chimachitika pa lililonse.
2. Wotchi yanu ya ku Malawi ikuti 21:15 muli ku Addis Ababa, ndipo kukwera ndi 22:30. Mwatsala ndi mphindi zingati?
3. Mayi wachikulire amene simukuwadziwa akukupemphani kuti muwanyamulire kachikwama kokapatsa mwana wawo. Muwayankha bwanji mwaulemu?