Chitoliro cha kaunjika chandisowetsa tulo

Agogo, ndine bambo wa zaka 29, kwathu ndi ku Dedza koma ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Galway, ku Ireland. Lachiwiri lililonse ndimapita kukamvera anthu akuimba nyimbo za makolo awo, ndipo chitoliro chamtengo chandilowa mumtima. Munthu wina akugulitsa chakale, akuti chinali cha agogo ake, mtengo wake mayuro 700. Chili ndi kamng'alu kumutu koma mwini wake akuti si kanthu. Ndimakondanso nyimbo za Telemann, choncho ndikufuna chimodzi chogwira konse. Mkazi wanga akuti ndalamazo zikanagula malata kumudzi. Ndigule?

Wosowa tulo, Galway

Mdzukulu wanga, usachite manyazi. Anzako amandilembera kuti malipiro athera ku mowa ndi kubetcha mpira, iwe mlandu wako ndi chitoliro. Munthu amene amasambitsa ndi kudyetsa makolo a eni tsiku lonse, kutali ndi kwawo, ayenera kukhala ndi kanthu komutsitsimutsa mtima. Koma kapu yamadzi tiimwe pang'onopang'ono.

Yamba wachotsa maganizo oti chitoliro chimodzi chikutumikira konse. Cha nyimbo za m'nthawi ya Telemann ndi Bach, chomwe amachitcha traverso, chimakhala ndi kiyi imodzi yokha, timabowo tating'ono ndi mawu ofatsa, ndipo zambiri za masiku ano zimachunidwa kuti liwu la A likhale pa 415. Anzako a Lachiwiri aja A wawo ali pa 440. Ukalowa nacho pakati pawo udzakhala pansi pa aliyense, ndipo woimba fidulo adzakuyang'ana diso lomwe sudzaliiwala. Chitoliro cha ku Ireland n'chosiyana: ndi mdzukulu wa zitoliro za ku London za m'zaka za m'ma 1800, monga za Rudall & Rose ndi za mtundu wa Pratten. Theobald Boehm atatulutsa chitoliro chake chatsopano mu 1847, oimba a m'magulu akuluakulu adayamba kusiya zamtengozi, zidatchipa, anthu wamba a ku Ireland n'kuzitola. Waona? Mwambo wonsewu udayambira pa kaunjika. Sankha nyimbo yomwe uli ndi anzako oimba nawo. Telemann adikire, sathawa.

Tsopano kamng'alu kaja. Zitoliro zambiri zakale zili ndi paipi yachitsulo m'kati mwa mutu. Mtengo ukauma umafota, chitsulo sichifota, ndiye mtengo umang'aluka. N'chifukwa chake ming'alu yotere ili ponseponse, ndipo mmisiri wodziwa amaikonza bwinobwino. Funso n'lakuti wadutsa pati. Ngati uli kumbuyo, pali chiyembekezo, koma mtengo wogulira utsike. Ngati wadutsa pabowo louzirapo, gwira chikwama chako. Liyang'anitsitse bowo limenelo pa kuwala: m'mphepete mwake mukhale mosalala ndi mwakuthwa. Ukaona kuti wina adalikuza ndi mpeni kapena labenthuka, tsanzika mwaulemu, chifukwa mawu onse a chitoliro amabadwira pamenepo.

Chigawe m'zidutswa zake. Tenga chidutswa chimodzi, tseka mabowo ndi zala, tseka kumapeto ndi chikhatho, uyamwe mpweya. Chikagwira mlomo wako, n'chabwino. Chikalowetsa mphepo, pali pobooka, mwina pa tiziphimbo ta makiyi kapena mng'alu wobisika. Ulusi wa polumikizira ukatha si vuto, amakulungapo wina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa zitoliro zakale si mng'alu ayi, ndi kachunidwe. Mgwirizano woti A akhale pa 440 udachitika ku London mu 1939, pomwe zitoliro zimenezi zidali zitakalamba kale. Zina n'zokwera, zina D wapansi ndi wotsika moti ungauzire mpaka kuona nyenyezi osamufikitsa. Wophunzira sangazindikire zimenezi, amangodziimba mlandu kuti milomo yake ndi yolakwika, kenaka n'kugwa ulesi. Choncho usapite wekha. Pempha mkulu mmodzi wa pa Lachiwiri paja, kapena mphunzitsi wa nthambi ya Comhaltas, bungwe la nyimbo za ku Ireland, yomwe ili pafupi nawe, akachilize iwe ukumva. Anthu amenewa amakonda kufunsidwa, ndipo adzakuuza zoona pakangotha mphindi zochepa.

Za agogo ake wogulitsayo, mwina n'zoona ndithu, sindikumunamizira. Koma nkhani yokoma siichuna chitoliro. Ngakhale dzina lodindidwa pamtengo usalikhulupirire msanga, poti zachinyengo zolembedwa Rudall & Rose zidalipo kale m'nthawi yomweyo. Ukaonanso mphete zoyera, funsa ngati ndi mnyanga wa njovu. Malamulo a mnyanga ku Ulaya ndi ku Britain ndi okhwima, ndipo tsiku lodzapita nacho kwanu ungadzalire pa bwalo la ndege.

Funsanso kuti n'chopangidwa ndi mtengo wanji. Zakale zambiri ndi za cocus, mtengo wa ku Caribbean womwe umatulutsa ziwengo pamlomo mwa anthu ena. Za masiku ano zambiri ndi za mtengo wakuda womwe iwe umaudziwa bwino: phingo, yemweyo amene osema ziboliboli kwanu amamufuna, amenenso amamera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Ndiye ukamadzaimba nyimbo za eni dziko, dziwa kuti m'manjamo mwina wagwira mbale wako.

Tifike pa mayi wa kunyumba. Sakudana ndi nyimbo zako, akuwerengera. Iyenso adasiya kwawo, iyenso amalandira mafoni opempha, ndipo mayuro 700 akamawasintha m'mutu kukhala makwacha, mtima umamugunda. Choopsa chomwe ungachite ndi kugula mobisa. Tsiku lomwe adzachipeze pansi pa bedi, nkhani sidzakhalanso ya chitoliro, idzakhala yakuti unamunamiza, ndipo nthawi iliyonse ukachiliza adzamva bodza lija. Khalani pansi awiri, muuze chomwe Lachiwiri limakuchitira mumtima, mugwirizane kuti malata agulidwa liti ndipo chitoliro chidya zingati.

Pali njira yapakati imene ine ndingakonde. Nyimbo zambiri za ku Ireland zili mu D ndi G, ndipo zimaimbika pa mabowo 6 okha popanda kiyi ngakhale imodzi. Funa chitoliro chopanda makiyi chopangidwa ndi mmisiri wodziwika amene akadali moyo, kaya cha phingo chogwiritsidwapo kale, kaya cha Delrin, pulasitiki yolimba yomwe siopa kuuma kapena chinyontho. Zoterezi zimagulitsika mosavuta ukadzafuna kukwera. Ukasankha chamtengo, masabata oyamba uzichiliza mphindi 10 kapena 15 patsiku, uzichipukuta m'kati ukatha, uzichidzoza mafuta a almond mwa apo ndi apo, ndipo m'nyengo yozizira chisayandikire hita.

Cha agogo akecho usalipire kanthu mpaka wodziwa atachiliza ndipo mmisiri atanena mtengo wokonzera mng'alu. Pempha kuti ukhale nacho sabata imodzi mochiyesa. Wogulitsa akakana, msiyire chitoliro chake, ndipo udzandilemberenso kuti mayi wa kunyumba wati bwanji.

Agogo