Musanagule galimoto yakale ya turbo, werengerani izi

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, ogulitsa galimoto nawo amadzuka. Amadziwa kuti mlimi ndi wamalonda wa ku Kasungu ali ndi kangachepe m'thumba. Pakati pa galimoto zomwe amakuonetsani pamakhala zakale zainjini ya turbo, zolira mochititsa kaso, zotsika mtengo. Wogulitsa amati "iyi ndi chuma, siitha mtengo". Tiyeni tione ngati mawuwa ndi oona kwa munthu wa geni.

Kuli maiko kumene galimoto yakale imasandukadi chuma. Ku America kuli Buick Grand National, galimoto yamphamvu ya injini ya malita 3.8 yokhala ndi turbo, yomwe anasiya kupanga mu 1987. Mtundu wake wapadera wotchedwa GNX anaupanga galimoto 547 zokha. Lero zimagulidwa ndalama zankhaninkhani chifukwa ndi zochepa, ndiponso eni ake amazisunga m'galaja, kuzitulutsa mwa apo ndi apo. Yanu idzanyamula matumba a soya kuchokera ku Chamama, pamsewu wafumbi, tsiku ndi tsiku. Galimoto yogwira ntchito yotere mtengo wake umatsika chaka chilichonse, choncho iyenera kudzibweza yokha ndi maulendo.

Kwathu kuno zakale za turbo zomwe mungakumane nazo ndi monga Hilux Surf ndi Prado za injini ya 1KZ-TE, Pajero ya 4D56 ndi Isuzu KB 280, zambiri za m'ma 1990. Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini. Kakamazungulira kamakankhira mpweya wambiri mu injinimo, ndiye injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimakateteza ndi oilo basi.

Adani a turbo ndi atatu. Woyamba ndi fumbi, lomwe kuno silisowa kuyambira Julayi mpaka mvula itagwa. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, fumbi limadya timapiko ta turbo. Wachiwiri ndi oilo wakuda kapena wotchipa. Injini zakalezi zimafuna oilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse. Wachitatu ndi kutentha. Mukafika ulendo wautali, isiyeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Dziwaninso kuti 1KZ-TE imadziwika ndi kung'aluka hedi ikatenthedwa, ndiye redieta yake isamasowe madzi.

Tsiku lokaona galimoto, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha kale imabisa matenda. Ikalira, yang'anani utsi. Wabuluu ukusonyeza kuti ikudya oilo, wakuda kwambiri ukuloza ku manozo kapena kuchepa kwa mpweya, pomwe woyera wosaleka ungakhale madzi olowa mu injini. Makaniko amasule paipi yochoka ku turbo aone ngati muli oilo wambiri, agwedezenso shafiti yake kuti aone ngati ikukhudza m'mbali. Kenako ikwezeni katundu n'kuiyendetsa pamtunda, diso lili pa geji ya kutentha. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mapepala nawo musawachepetse. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zalembedwa mu bulubuku. Funsani COF, inshulansi ndi umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa. Musamalize kulipira musanagwirizane tsiku lopitira limodzi ku Road Traffic kukasintha dzina. Galimoto ikakhala m'dzina la wina, mwagula mlandu.

Tsopano masamu a mafuta. Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe pamsewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 130, kupita ndi kubwera 260. Tiyerekeze kuti galimoto ina imayenda makilomita 8 pa lita imodzi: idzamwa malita pafupifupi 33. Ina yoyenda makilomita 11 pa lita idzamwa pafupifupi 24. Kusiyana kwake ndi malita 9 ulendo umodzi. Ngati mumakapikula katundu kawiri pa sabata, pa mwezi ndi malita oposa 70. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo womwe a MERA alengeza, muone phindu la matumba angati lomwe likupsa mu thanki. Musakhulupirire za pakamwa: dzazani thanki, yendani, dzazaninso, muwerengere nokha.

Masipeya ndi nkhani ina. Pafupifupi onse amachokera kunja, ndiye kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake imakwera nthawi yomweyo. Musanagule, zungulirani mashopu a masipeya mufunse mtengo wa turbo, hedi, pampu ya dizilo ndi matayala anayi. Funsaninso ngati zilipo pa Kasungu pompano kapena mpaka ku Lilongwe. Galimoto ikagona masabata atatu kudikira sipeya, makasitomala anu amakhala atapeza wina wowanyamulira.

Mukawonkhetsa zonsezi, dzifunseni mafunso awiri. Kodi mukalipira, mutsala ndi ndalama yokonzera turbo ndi hedi popanda kukhudza mpamba kapena ndalama ya feteleza? Nanga msika wa fodya ukatsekedwa, galimotoyo idzanyamula chiyani kuyambira Okutobala mpaka Malichi? Ngati yankho la limodzi mwa mafunsowa likukuvutani, ganizirani Hilux ya injini ya 3L kapena 5L. Ilibe turbo, imakwera mtunda mwaulesi, koma amakaniko ambiri amaidziwa. Apo ayi, pitirizani kuchita hayala chaka chino, ndipo muzilemba m'kope ndalama iliyonse yomwe mwalipira pa mayendedwe. Chaka chamawa kopelo lidzakuuzani ngati bizinesi yanu yakula mokwanira kudyetsa galimoto.