Zilembo zovina pa khoma la golosale

Minibasi yochokera ku Dedza ikamadutsa pa Mlangeni, wokwera alibe nthawi yowerenga zambiri. Diso ligwa pa khoma kamodzi, galimoto yafika kale kutali. N'chifukwa chake golosale, tiyirumu kapena malo ometera a m'mbali mwa mseu wa M1 amafunika zilembo zonenepa, zopendama pang'ono ngati zikuvina ngoma.

Wolemba zikwangwani waluso amayamba ndi kudula mawu. Dzina la malo ndi chogulitsidwa, basi. Zilembo zosewera n'za dzina lokha. Mitengo ya kachewere ndi nambala ya foni zimafuna zilembo zowongoka, ndipo mitengoyo ndi bwino ikhale ya choko poti imasintha.

Akatero amapala khoma, kupaka penti yoyera n'kuisiya iume. Kenako amatenga chingwe, kuchipaka choko, kuchikoka n'kuchimenyetsa pa khoma kuti chisiye mizere iwiri. Apa m'pamene pagona luso: chilembo china chimadumpha mzere, china chimatsamira chinzake, koma kunenepa kwake kumakhala kumodzi. Zikapendama zonse mosiyana, mawu amabalalika. Amayamba ndi chilembo chapakati n'kumapita uku ndi uku, kuopa kupanikiza zomaliza pakona, vuto limene limaononga makoma ambiri.

Asanatsegule chitini cha penti ya zilembo, amawoloka mseu n'kuwerenga zimene walemba ndi choko ali chapatali. Amayang'ananso kalembedwe: "ng'ombe" yopanda kachizindikiro kake si ng'ombe ayi.

Penti ya mafuta ndiyo imapirira mvula. Mtundu wakuda pa chikasu kapena wofiira pa zoyera umaoneka msanga, ndipo mthunzi wa zilembo umagwera mbali imodzi yokha. M'miyezi ya June ndi July kuno kumazizira ndipo chifunga chimanyowetsa khoma, choncho amadikira dzuwa likwere.

Osindikiza pa kompyuta nawonso ali ndi zilembo zosewera zotchedwa Comic Sans, zimene Vincent Connare anakonzera kampani ya Microsoft mu 1994 potengera zolemba pamanja za m'mabuku a nthabwala. Pa sukulu ya mkaka zimakhala bwino kwambiri. Pa chipatala kapena pogulitsira mabokosi a maliro zisafikepo, chifukwa wobwera pamenepo ali ndi nkhawa.

Mwini malo asamalize kulipira asanaliwerenge yekha dzinalo kuchokera tsidya la mseu.