Musanalipire nyumba ku America, kaoneni kaundula wa ku county

Pafupifupi chaka chilichonse timamva za m'bale wathu wina kuno ku South Bend amene wagula nyumba yotchipa kwa munthu payekha, osadzera ku banki, kenaka patapita miyezi n'kulandira kalata yoti nyumbayo ili ndi ngongole imene iye sankaidziwa. Ndalama zimene zapitazo ndi za mashifiti a usiku, zogwirira ntchito yosamalira okalamba, zimene munthu anadzimana osatumiza kumudzi. Ndaziona kangapo konse. Ndikafunsa kuti kodi achimwene munakafufuza ku county, yankho limakhala lomwelomwelo: ndinaona pa intaneti, dzina linali lake ndithu.

Kwathu pogula malo kumudzi umafunsa amfumu ndi anansi, m'tauni umapita ku ofesi ya za malo. Kuno kulibe mfumu, ndipo boma la ku Washington silisunga zikalata za nyumba za anthu. M'madera ambiri zimakhala ku county, chigawo chofanana ndi boma lathu ngati la Dedza kapena la Zomba. Indiana ili ndi ma county 92, Texas ili ndi 254, ndipo iliyonse ili ndi kaundula wakewake amene aliyense ali ndi ufulu womuona, ngakhale mlendo.

1. Dziwani county yake

Izi n'zosavuta, komabe onetsetsani. South Bend ili mu St. Joseph County ya ku Indiana. Kungodutsa malire kulowa Michigan kulinso St. Joseph County ina, pomwe tauni yotchedwa St. Joseph ndi likulu la Berrien County, kumene kuli Berrien Springs. Mukasokoneza apa mutaya tsiku lonse mukufufuza m'kaundula wolakwika.

2. Tengani nambala ya malo ndi mbiri ya msonkho

Lowani pa tsamba la pa intaneti la Assessor, ofesi yoyerekeza mtengo wa nyumba pofuna kudula msonkho, mulembe adiresi. Kopererani nambala ya malo, imene ku Indiana imakhala ya manambala 18, ndipo ya mu St. Joseph County imayamba ndi 71. Kenaka onani kwa Treasurer ngati msonkho unalipidwa. Ku Indiana umalipidwa kawiri pachaka, pa 10 May ndi pa 10 November, ndipo nyumba ya msonkho wotsalira kwambiri county imatha kuigulitsa pa okushoni. Zonsezi ndi zaulere ndipo sizitenga theka la ola.

3. Pitani kwa Recorder, mukalondole mayina

Apa ndi pamene anthu amagwera. Ambiri akaona dzina la wogulitsa pa tsamba la Assessor amakhuta, amatseka kompyuta n'kupita kukatapa ndalama. Tsamba limenelo limangosonyeza munthu amene amatumiziridwa bilu ya msonkho. Silikuuzani ngati nyumbayo ndi chikole ku banki, silikuuzani ngati ili ndi eni ake awiri, ndipo nthawi zina limachedwa kusintha dzina nyumba ikagulitsidwa. Amene anakuuzani kuti zonse zili pa tsamba la malonda a nyumba la Zillow sanakuthandizeni. Umwini umaonekera mu ofesi yosunga zikalata, imene ku Indiana amati Recorder, ku Michigan amati Register of Deeds, ku Texas ndi County Clerk.

Kaundula wa kumeneko amayendera mayina a anthu, ndipo mukangolemba adiresi yokha zambiri zikudutsani. Pali mndandanda wa opereka, wotchedwa grantor, ndi wa olandira, wotchedwa grantee. Yambani ndi dzina la amene akukugulitsani pa mndandanda wa olandira, mupeze deed, chikalata cha umwini, imene anapezera nyumbayo. Iwerengeni yonse. Palembedwa mayina angati? Ngati pali mwamuna ndi mkazi, ndipo amene akukugulitsani ndi mwamuna yekha, funsani kuti mayiyo ali kuti ndipo asaina liti. Ngati palembedwa dzina la malemu ndipo akugulitsa ndi mwana wake, pafunika chikalata chosonyeza kuti mwanayo ali ndi mphamvu yogulitsa, nthawi zambiri chochokera kukhoti loona za chuma chamasiye. Mawu apakamwa oti abale anga onse anavomera alibe ntchito.

Onaninso mtundu wa deed. Warranty deed ndi imene wogulitsa amalonjeza kuti umwini wake ndi woyera ndipo adzayankha pakabuka vuto. Quitclaim deed imangonena kuti ndakupatsa chilichonse chimene ndili nacho panyumbapo, ndipo ngati analibe kanthu, inunso mwalandira pepala chabe. Mlendo amene akuumirira kukugulitsani ndi quitclaim muzimukayikira.

Tsopano bwererani mufufuze dzina lomwelo pa mndandanda wa opereka, kuyambira tsiku limene anagula mpaka lero. Apa patuluka ngongole. Mudzaona mortgage, chikalata chosonyeza kuti nyumba ndi chikole cha ngongole ya ku banki. Mukhoza kuona lien, ngongole yomatidwa panyumba, ya mmisiri amene anakhoma denga osalipidwa, lien ya msonkho wa IRS, kapena ya bilu ya suweji. Tengani pepala, mujambule mzere pakati. Kumanzere lembani ngongole iliyonse ndi nambala ya chikalata chake. Kumanja lembani chikalata chomasula, chimene amati release kapena satisfaction, chotchula nambala yomweyo ya ngongoleyo. Ngongole iliyonse ikhale ndi chomasula chake. Pamene kumanja kwatsala kopanda kanthu, muitenge ngongoleyo ngati yamoyo, ndipo dziwani kuti imamatirira panyumba. Wogulitsa akasamukira ku Florida ngongole imatsala ndi inu.

Ndinaperekezapo mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anali atasunga kale ndalama zoyambira. Tinakhala pa kompyuta ya anthu onse mu ofesimo, iye akuwerenga manambala, ine ndikulemba. Tinapeza mortgage ziwiri ndi release imodzi. Mayiyo anaumirira kuti bambo wogulitsayo anandiuza kuti anamaliza kulipira. Tinayang'ananso nambala ya pa release ija chala chili pagalasi la kompyuta, ndipo inali yomasula ngongole yoyamba yokha. Yachiwiri, imene bamboyo anatenga pambuyo pake, inali chilili. Mayiyo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anabweza envulopu ya ndalama m'chikwama n'kutseka zipi.

Ndibwereze: musawerenge kuchuluka kwa zikalata, yerekezani manambala, chimodzichimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fufuzaninso dzinalo m'malembedwe ake onse, lokhala ndi dzina lapakati ndi lopanda, dzina la mayi asanakwatiwe, ndi dzina la kampani ngati nyumba ili m'dzina la LLC. Mukatha, chitani zomwezo kwa amene anamugulitsa iyeyo, n'kubwerera m'mbuyo eni angapo. Komanso pa chikalata chilichonse werengani mawu ofotokoza malo, nambala ya puloti ndi dzina la dera monga zinalembedwera pa mapu a plat. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi nyumba zitatu, ndipo release imene mwaikondwerera ikhoza kukhala ya nyumba ina.

Pa intaneti simupezeka zikalata zonse, makamaka zakale. Pitani nokha ku ofesi tsiku la ntchito. Ogwira ntchito kumeneko adzakusonyezani kafufuzidwe kake, koma saloledwa kukuuzani ngati umwini uli woyera, ndiye musawakakamize.

4. Onani kukhoti

Munthu akaluza mlandu wa ngongole, chigamulocho chimatha kukhala lien panyumba yake. Ku Indiana lembani dzina lake pa mycase.in.gov, n'kwaulere. Yang'anani milandu ya ngongole, ya kutha kwa banja, ndi ya banki yofuna kulanda nyumba.

5. Ngati mukugula pa land contract, ilembetseni

Abale athu ambiri amene mapepala awo a ngongole sanakhwime amagula mwa njira imeneyi, kulipira mwininyumba pang'onopang'ono, deed n'kudzalandira pomaliza. Zaka zonsezo nyumba imakhalabe m'dzina lake. Akasiya kulipira banki yake, banki ikhoza kulanda nyumbayo inu muli momo, ngakhale simunaphonyepo mwezi. Pitani ndi mgwirizanowo, wosainidwa pamaso pa notary, mukaulembetse kwa Recorder sabata yomweyo kuti dzina lanu lioneke m'kaundula. Mgwirizano wosungidwa m'sutikesi suteteza munthu kwa amene sanauone.

6. Ndalama zake

Kukopa chikalata ndi pafupifupi dola imodzi patsamba, ndiye ndi madola 20 kapena 30 mutuluka ndi zonse. Kulembetsa chikalata ndi madola makumi angapo. Kampani ya title imafufuza mwaukatswiri pa madola 150 mpaka 300, kungoyerekeza, ndipo inshulansi ya umwini imalipidwa kamodzi, mwina madola mazana angapo kufika pa 1,000 malinga ndi mtengo wa nyumba. Samalani kuti inshulansi imene banki imakukakamizani kugula imateteza banki yokha. Yanu muipemphe payokha. Kuyeza malire ndi madola 500 kapena kuposerapo, ndipo n'koyenera ngati mpanda kapena kanjira ka galimoto kakukayikitsani.

Kufufuza kwanu sikulowa m'malo mwa loya kapena kampani ya title. Kumakuthandizani kuthawa nyumba yoipa musanawononge ndalama, ndi kufunsa mafunso oyenera pa nyumba yabwino. Wogulitsa amene akuti kampani ya title ndi kutaya nthawi, tingosainirana patebulo pano, ali ndi chimene akubisa kapena chimene sakuchidziwa, ndipo zonse ziwiri wolipira ndinu.

Abale anga, tsiku limodzi lopempha kuntchito silingafanane ndi zaka khumi za thukuta lanu. Musapereke ndalama, ngakhale yachikole, pepala lanu lija lisanadzaze mbali zonse ziwiri.