PHUNZIRO KWA ACHIKUMBI: CHIFUKWA CHAKE KAMPANI IKUFUNSA ZA MITENGO NDI ANA

Alimi ambiri a fodya akhala akufunsa alangizi kuti, "Kodi kampani imagula fodya kapena mitengo? Nanga maina a ana athu ikuwalemberanji?" Phunziro la mwezi uno liyankha mafunso amenewa.

Kampani yogula fodya siyang'ana msika wa chaka chimodzi chokha. Imakonza dongosolo la zaka zambiri loti izipezabe fodya wabwino popanda kuononga nthaka, nkhalango ndi anthu olima fodyayo. Musaganize kuti ichi ndi chifundo chabe. Kampani ikuteteza malonda ake, koma malondawo ndi omwenso amabweretsa ndalama m'mudzi mwanu.

Kumbukirani zimene zinachitika pa 1 Novembala 2019. Boma la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake, ponena kuti pomulima pamagwiritsidwa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Lamulolo silinasankhe mlimi wosamala ndi wosasamala. Makampani a Alliance One ndi Limbe Leaf anawatsegulira njira m'chaka cha 2020, ndipo Premium Tobacco mu 2021, atapereka umboni wa m'mene amayendera alimi ao ndi kukonza zolakwika. Ulimi wa kontirakiti, umene boma linauvomereza mu 2012, umathandiza pamenepa chifukwa belo lililonse limadziwika munda umene lachokera.

Tsono mlangizi akafunsa za ana, muyankheni zoona. Lamulo la dziko lino likuletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18. Kuthyola fodya wonyowa ndi mame ndi ntchito yoopsa. Chikonga chimalowa pakhungu, mwana nkuyamba chizungulire, mutu ndi kusanza. Makolo ena amayesa malungo.

Nkhani ya mitengo ndiyo tifuna muimvetse bwino. Fodya wa kampopi ndi wa chikopa amadya nkhuni pochiza. Wa bale safuna moto, komabe amafuna nsichi, mapaso ndi mitanda ya zigafa, ndipo chiswe sichichedwa kuzimaliza. Mlimi amene amadula mitengo yachilengedwe chaka ndi chaka amaona yekha kuti ulendo wa ngolo ukutalikira, mtengo wa milimo ukukwera, ndipo mtsinje wothirira nazale ukuphwa msanga.

Njira yabwino ndiyo chigafa chamoyo. Bzalani mitengo monga kesha, mtangatanga kapena mthethe m'mizere, pamalo enieni pamene pakanaima nsichi. Pakapita zaka ngati zitatu mitengo ija imakhwima, ndipo mumangomangirira mitanda ndi kufolera. Nsichi yamoyo siola. Nthambi zosadza zimakhala nkhuni za amayi kukhitchini. Vuto ndi lakuti ambiri amabzala kuti mlangizi awerenge mbande, kenaka nkuzisiyira mbuzi ndi moto wolusa. Chofunika ndi mitengo imene yapulumuka pofika Okutobala, osati imene inatsika m'galimoto.

Nayo kampani ili ndi mbali yake, ndipo tisaope kuinena. Mbande zofika mvula itapita kale sizithandiza munthu. Mtengo wa fodya ukakhala wotsika, mlimi alibe ndalama yolembera akuluakulu aganyu, ndipo mwana amabwerera kumunda. Inu okhala m'maesiteti dziwani kuti mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa kuti lithetse utenanti. Wogwira ntchito pa esiteti ayenera kulandira malipiro, osangodikira kuti fodya agulitsidwe.

Musanasaine kontirakiti chaka chino, kalabu yanu ikhale pansi ndi mlangizi wa kampani. Funsani kuti mbande zidzafika liti, ndi zingati pa hekitala, ngati zili pangongole, ndiponso amene mungakamuuze zinthu zikalakwika. Mayankho ake alembedwe m'buku la kalabu. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, choncho mayenje akumbidwe mvula yoyamba isanagwe.